Ndinakayezetsa ngati mwana angabwerenso masiku asanakwane, nazi zomwe ndinaona pa kiliniki ina

Amayi anzanga amene munaberekapo mwana masiku asanakwane mukudziwa mantha ake mimba ina ikabwera. Wanga woyamba anabadwa pa masabata 32, kakang'ono kolemera 1.6 kg, tinakhala ku kangaroo pafupifupi mwezi ndili naye pachifuwa mu chitenje usana ndi usiku, kusamba komwe kumachita kupempha agogo ake amugwirizeko. Nde pano nditaima ndi wachiwiri ndinamva za kiliniki ina yapulaiveti kuno ku Lilongwe yoti amayeza kuona ngati uli pachiopsezo chobereka msanga, ndinangoti ndipita basi olo ndalama ithe.

Choyamba ndikuuzeni zomwe ine ndimaganiza molakwika. Ndimayesa akakutenga magazi, makina nkukuuza kuti mayi inu mudzabereka sabata yakuti. Ayi ndithu. Chachikulu chomwe amachita ndi sikani yoyeza kutalika kwa khomo la chiberekero, ndipo si ya pamimba ija tinazolowera yopaka mafuta ozizira, iyi kachipangizo kake amalowetsa kumusi. Pa risepushoni sanandiuze zimenezi, ndinadziwira mchipinda momwemo nditagona kale, mxiii, apa pokha anandikhumudwitsa chifukwa munthu umafunika ukonzeke mumtima. Siyopweteka koma, manyazi chabe, ndipo mphindi khumi sizinakwane. Umayamba wakataya madzi kaye, chikhodzodzo chikadzadza akuti muyeso umanama.

Adokotala ake ndi mayi, odekha bwino, anatembenuza sikirini kuti ndizionera limodzi. Anati khomo likafupika kufika 25 mm kapena kutsika apo mimba isanakwane masabata 24, ndiye chizindikiro choti likhoza kutseguka nthawi isanakwane, ndipo muyeso umenewu umathandiza ukachitika pakati pa masabata 16 ndi 24, ukachedwa phindu lake limachepa. Langa linali 22 mm pa sabata ya 21. Miyendo inazizira abale. Koma iwo osathamanga, anatenga pepala nkujambula chiberekero ngati botolo lozondoka, nkundionetsa kuti khosi la botololo ndi lomwe lafupikirapo, anati "mayi, sikuti mubereka mawa, ambiri a muyeso ngati wanuwu amafika, koma poti munaberekapo msanga sitingangokhala." Anandilembera progesterone, mankhwala othandiza kuti mwana asabwere msanga, woika kumusi usiku uliwonse, nkunena kuti likapitiriza kufupika pali njira yolisoka khomolo, ulusi wake amadzachotsa cha m'ma sabata 36 kapena 37.

Ndinawafunsa za fetal fibronectin poti ndinali nditawerengako pa foni. Anaseka, anati pamenepo alibe. Anandifotokozerabe kuti ndi zinthu zokhala ngati guluu zomata thumba la mwana ku chiberekero, zikamapezeka kumusi pakati pa masabata 22 ndi 34 ndiye kuti mwina guluuyo wayamba kumasuka, amatenga ndi kathonje. Koma ubwino wake weniweni ndi pomwe yasonyeza kuti mulibe, apo umadziwa kuti masabata awiri akubwerawa nzokayikitsa kuti ungabereke, ikasonyeza kuti muli sizitanthauza zambiri, olo mutakhala malo amodzi ndi bambo akunyumba dzulo lake kapena mwataya timagazi pang'ono imatha kunama. Ndinakonda kuti sanandinamize kuti ali nazo zonse.

Zina zomwe zinali mu phukusi lawolo ndi mkodzo, kuchuluka kwa magazi, malungo, chindoko ndi BP. Apa ndiye ndinaona ngati ndalipira zinthu zoti ku sikelo ya boma zambiri amatiyeza ulere, Fansida ndi mapilitsi owonjezera magazi ndimalandira konko kale ndipo zonse zinali mu buku langa la kuchipatala lomwe a pa risepushoni sanalitsegule nkomwe. Koma chilungamo, mkodzo unapezeka ndi tizilombo ine osamva kuwawa kulikonse, ndipo matenda a mchikhodzodzo oterewa amatha kuyambitsa matenda a uchembere msanga, nde anandipatsa mankhwala. Sindingadandaule kwambiri.

Mtengo wake eee, wonse pamodzi ndi mankhwala unatsala pang'ono kufika pa thumba la feteleza, bambo akunyumba anangoti kukamwa yasa. Progesterone pa famase yawo anali wodula kuposa mtauni, mwezi wachiwiri ndinakagula kwina. Kudikira nakonso, anandiuza 9 koloko ndinalowa cha m'ma 11, mipando yolimba, munthu wapakati msana ukuwawa, madzi akumwa omwe panalibe.

Chomwe chimandiwawa nchoti lipoti la 2012 la WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, linaika Malawi pamwamba dziko lonse lapansi, ana 18 pa 100 aliwonse kubadwa masabata 37 asanakwane, koma muyeso wa mphindi khumi ngati umenewu mpaka ukhale ndi ndalama komanso uudziwe wekha nkuufunsa. Pa mimba yoyamba ija palibe anandiuzapo kuti khomo limayezedwa, ndinangodzidzimuka nsupa yasweka ndili pa mtondo.

Nde kwa amene munaberekapo msanga, kapena munapitapo padera mimba itakula, ine ndingati pitani, koma funsani sikani ya khomo yokhayo, tengani buku lanu muwaonetse zomwe munayezetsa kale asakubwerezeni, ndipo funsiranitu ngati woyeza ndi mayi kapena bambo ngati zimakuvutani. Amene mimba zanu zimafika bwinobwino sindikuona chifukwa chotayira ndalama yonseyo, sikelo musadumphe basi. Pa nyenyezi zisanu ndiwapatsa zinayi, imodzi ndachotsa chifukwa cha risepushoni.

Ndinabwererako pa sabata ya 23 khomo lili pa 22 pomwepo, sanandisoke. Pano ndili pa sabata ya 35, chikwama ndinalongedza kalekale chili kuseri kwa chitseko, beseni ndi zitenje zomwe.