Mbadwa ya Blantyre kapena wokhala mu Blantyre?

Mawu awiriwa anthu timangowasakaniza koma si amodzi ayi. Wokhala mu Blantyre ndi aliyense amene amagona ndi kudzuka mumzindamu, kaya akuchita lendi ku Ndirande, kaya anabwera dzana kudzasaka ganyu ku Limbe, bola ali muno basi. Mawuwa alibe mkangano, ndipo ndi amene amayenera pokamba za madzi, zinyalala kapena mitengo ya minibasi.

Mbadwa ndiye nkhani ina, mawuwa ndi olemera. Amaloza komwe unagwera mchombo, komwe kuli manda a makolo ako, ndiye ukati ndine mbadwa ya Blantyre akuluakulu amakufunsa kuti mudzi wanji mwanawe, mfumu yake ndani, kwa Kapeni kapena kwa Machinjiri? Chifukwa anthu amenewa analipo amishoni a ku Scotland asanafike mu 1876. Ngakhale mafomu ambiri amafunsa zomwezo, mudzi, mfumu, boma.

Koma apa ndi pomwe zimandikhudza ine. Pali anyamata obadwira ku Queens, okulira ku Bangwe, kumudzi kwa agogo ku Ntcheu amangopitako pamaliro, ndiye munthu otere ukamuuza kuti kwanu si kuno apite kuti? Kumutchula wokhala chabe ngati mlendo wodutsa sizoona. Kwa ine ameneyo ndi mbadwa ndithu, ngakhale alibe munda. Pocheza ambiri amangoti wa ku Kabula, mawu amene amakwanira onse awiri ndipo palibe amafunsa za mfumu.