Sentinel-2, Landsat kapena MODIS: iti ingakuuzeni kuti mbewu zili ndi ludzu?

Musanasankhe setilaiti, funsani kaye ngati ili ndi bandi (gawo la kuwala limene kamera yake imajambula) ya SWIR. SWIR ndi NIR ndi mitundu iwiri ya kuwala kwa infrared, kosaoneka ndi maso. Madzi a m'tsamba amamwa kuwala kwa SWIR, cha pa mananomita 1,600 (muyeso wa utali wa mafunde a kuwala), pomwe kwa NIR tsamba limakubweza kwambiri. NDMI, nambala yosonyeza chinyezi cha m'masamba, imangoyerekeza ziwirizi: NIR kuchotsa SWIR, kugawa ndi NIR kuphatikiza SWIR. Nambala ikamatsika ndiye kuti masamba akuuma. Pa chifukwa chimenechi setilaiti ya PlanetScope tiiike pambali. Zithunzi zake nzokongola, pikiselo (kadontho kamodzi ka chithunzi) nja mamita atatu, pafupifupi tsiku lililonse, koma SWIR ilibe, komanso njolipira.

Kwa ife a minda ing'onoing'ono, Sentinel-2 ya ku Ulaya ndiye poyambira. Yoyamba inaulutsidwa mu 2015, yachiwiri mu 2017, ndipo malo amodzi imawajambula masiku 5 aliwonse, ulere. Muzitenga mabandi a B8A (NIR) ndi B11 (SWIR), onse a mamita 20. Ambiri amathamangira B8, NIR inanso, poti nja mamita 10, koma B11 siisintha, ikhalabe 20, ndiye kuwala kwa chithunzicho nkongonamiza maso. Pikiselo ya mamita 20 ndi masikweya mita 400, kutanthauza kuti ekala imodzi ikupatsani mapikiselo 10 okha. Chotsanipo a m'malire, amene alowa njira, chulu kapena mtengo wa mango wa aneba, muona kuti otsala ndi ochepa zedi. Mtengowo umakhala wobiriwira ngakhale chimanga chitafota, ndipo umakweza nambala ya munda wonse.

Landsat 8 ya 2013 ndi Landsat 9 ya 2021 zimapereka mamita 30, masiku 16 iliyonse, 8 mukaziphatikiza. Ekala ija yatsala ndi mapikiselo 4. Padimba ndiye ayi, koma pa nzimbe za ku Nchalo ndi ku Dwangwa kapena tiyi wa ku Thyolo zimakwana bwinobwino. Ine ndimailemekeza pa zinthu ziwiri. Ili ndi bandi yoyeza kutentha, imene Sentinel-2 ilibe, ndipo mbewu yosowa madzi imatentha chifukwa yatseka timabowo ta m'masamba totulutsira nthunzi, nthawi zambiri mtundu wake usanasinthe. China ndi mbiri: Landsat 5 inayamba mu 1984 ili ndi SWIR kale. Wofuna kudziwa mmene nkhalango ya Dzalanyama inkasungira chinyezi zaka 30 zapitazo alibenso kwina kolowera. Band 5 (NIR) ndi Band 6 (SWIR) ndizo zanu pa Landsat 8 ndi 9, koma pa zakale manambala ake ndi 4 ndi 5. Zithunzi za Landsat 7 kuyambira mu 2003 zili ndi mizere yopanda kanthu.

MODIS imajambula tsiku ndi tsiku kuyambira mu 2000, koma pikiselo yake ya SWIR ndi mamita 500, mahekitala 25. Mudzi, manda ndi minda zonse m'kadontho kamodzi. Njabwino poona chilala m'boma lonse, basi. Terra ndi Aqua, masetilaiti onyamula MODIS, zakalamba, choncho ntchito yatsopano yambani ndi VIIRS, yolowa m'malo mwake.

Zonsezi zimagonja ku mitambo. Januwale ndi Febuluwale, pamene ng'amba imapha chimanga chikumasula, mpamenenso mungathe sabata zingapo osapeza chithunzi chopanda mitambo. HLS ya NASA imathandizako: imasakaniza Landsat ndi Sentinel-2 pa mamita 30, chithunzi nkumabwera masiku awiri kapena atatu alionse. Radar ya Sentinel-1 imaboola mitambo, koma imasokoneza chinyezi cha dothi, cha masamba ndi mizere ya m'munda, moti wongoyamba kumene imuzunguza mutu.

Chenjeraninso ndi batani lolembedwa NDWI. Ma NDWI alipo awiri, otchulidwa ndi maina a akatswiri amene anawayambitsa. Ya Gao, ya 1996, njoyeza madzi a m'masamba, pomwe ya McFeeters, ya chaka chomwecho, njopezera nyanja ndi madamu. Onani mabandi ake musanadine. Ndipo musathe bandulo ndi kudawunilodi chithunzi chathunthu cha Sentinel-2, chomwe chimayandikira 1 GB. Dulani munda wanu wokha mu Copernicus Browser kapena Google Earth Engine, kenako mukautsegule mu QGIS, pulogalamu ya mamapu.