Zomba kapena Livingstonia: munthu wa ku Mangochi akwere phiri liti?

Mwezi wa Okutobala ukafika, pamene mchenga wa kunyanja umawotcha moti munthu sangapondepo wopanda nsapato, anthu a ku Mangochi amene ali ndi kangachepe m'thumba amayamba kulingalira zokapuma kumalo okwera. Azungu a nthawi ya atsamunda analinso ndi maganizo omwewo, popeza kutentha ndi malungo a m'mbali mwa nyanja zinkawasautsa kwambiri, ndipo mwa malo amene anathawirako, awiri ndiwo akukopabe alendo mpaka lero: phiri la Zomba ndi Livingstonia m'boma la Rumphi. Malowa amatchulidwa pamodzi, koma zimene amapereka kwa mlendo n'zosiyana kotheratu.

Pa nkhani ya mayendedwe, Zomba ilibe mnzake. Kuchoka pa Mangochi Boma kudzera pa Liwonde ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 130 pa msewu wa M3, ndipo wonyamuka m'mamawa pa minibasi amakadya nkhomaliro ali pamwamba pa phiri, chifukwa msewu wokwera kuchokera m'tauni kukafika ku hotela ya Ku Chawe ndi wa phula. Livingstonia ili pa mtunda wopitirira makilomita 600, kudzera ku Salima, Nkhotakota, Nkhata Bay ndi Mzuzu, kenaka kutsika chitunda cha Chiweta mpaka pa Chitimba, pamene pamayambira msewu wa Gorodi wokhala ndi makhotolo akuthwa pafupifupi 20, umene nthawi ya mvula umafuna galimoto yamphamvu ndi dalaivala wodziwa bwino malowo. Amene sali pachangu angathe kukwera sitima ya Ilala pa Monkey Bay ikakhala kuti ikuyenda, n'kukatsikira pa Chilumba, koma ulendo umenewu umadya masiku.

Zomba ndi phiri la boma. Harry Johnston, yemwe tauni yathu ino ya Mangochi inkadziwika ndi dzina lake kuti Fort Johnston, anakhazikitsa likulu m'munsi mwa phirili mu 1891, ndipo linakhala komweko mpaka 1975 pamene linasamukira ku Lilongwe. Akuluakulu a boma ankakwera pamwamba kukapuma, n'chifukwa chake malo oonerapo patali ali ndi mayina a alendo olemekezeka: Queen's View ikukumbutsa ulendo wa mayi wa Mfumukazi Elizabeth mu 1957, pamene Emperor's View ndi pamene anaima Haile Selassie wa ku Ethiopia mu 1965. Kukakhala kowala, munthu amaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje ali pamalo amodzi. Kulinso damu la Mulunguzi limene limamwetsa mzinda, mathithi a Williams, ndi dzenje la Chingwe, limene nkhani za makolo zimati ankaponyamo anthu, ngakhale kuti wokuperekezani aliyense amaifotokoza mwa njira yake. Tiyenera kunena mosabisa kuti mitengo yambiri ya paini inadulidwa, ndipo mbali zina za phirili ndi zometedwa ngati mutu wa mwana wasukulu, komabe mphepo yozizira ikadalipo, pamodzi ndi ogulitsa masitiroberi ndi zipatso zina m'mbali mwa msewu.

Livingstonia ndi phiri la mishoni, ndipo apa ndi pamene munthu wa ku Mangochi ayenera kutchera khutu, chifukwa mbiri ya malowa inayambira m'boma lathu lomwe lino. Amishoni a ku Scotland anafika pa Cape Maclear mu 1875, koma malungo atapha ena mwa iwo, amene manda awo alipobe ku Chembe, anasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo kumenekonso matenda sanawasiye, mpaka Dr Robert Laws anakwera mtunda wa Khondowe, pamene lero pali Livingstonia, mu 1894 n'kumangapo sukulu, tchalitchi ndi nyumba zogwiriramo ntchito zamanja. Nyumba yake ya miyala, yotchedwa Stone House, inamangidwa mu 1903 ndipo lero muli zinthu zakale zosonyeza alendo. Sukulu ya pamalowa inaphunzitsa anthu monga Clements Kadalie, amene anakayambitsa bungwe la ogwira ntchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Mu 1959, boma la atsamunda litalengeza kuti m'dziko muli chipwirikiti, ndege inaponya uthenga wofunsa ngati amishoni akufuna kuchotsedwa, ndipo iwo anayankha posanja miyala pabwalo kulemba vesi la Aefeso 2:14, kutanthauza kuti akhala limodzi ndi anthu awo. Mathithi a Manchewe, amene madzi ake amagwa mamita oposa 100, amaposa kutali mathithi onse a pa Zomba, ndipo kuona nyanja yathu yomweyi uli pamwamba pa chigwembe, mapiri a ku Tanzania ali kutsidya, ndi chinthu chimene Zomba singapereke.

Pali zina zazing'ono zimene zimasintha ulendo. Ku Zomba Chichewa ndi Chiyao zimamveka paliponse, ndipo abale athu achisilamu savutika kupeza mzikiti ndi chakudya cha halaal m'tauni. Ku Livingstonia chilankhulo ndi Chitumbuka, malo odyera ndi ochepa, ndipo n'kwanzeru kutenga ndalama zokwanira m'manja musanachoke pa Mzuzu. Konseko mu June ndi July kumazizira kwambiri kwa munthu wozolowera kunyanja, choncho juzi isaiwalike. Amene akufuna kuona patali apite mvula ikangotha, cha mu May, chifukwa mu Okutobala utsi wa moto wolusa umaphimba zonse.

Maganizo anga ndi akuti banja lokhala ndi ana kapena okalamba, limene lili ndi Loweruka ndi Lamulungu lokha, lisankhe Zomba mosakayika. Livingstonia ndi ya munthu amene ali ndi sabata yathunthu komanso chidwi ndi mbiri, ndipo ameneyo ayambe wapita ku Chembe kukaona manda a amishoni asanauyambe wa kumpoto.