Foldscope, Maikulosikopu Yapepala Yoonera Tizamoyo ta M'madzi

Foldscope ndi maikulosikopu yopindapinda yapepala imene Manu Prakash ndi Jim Cybulski a ku yunivesite ya Stanford anaidziwitsa kwa anthu ambiri mu 2014. Imakulitsa chinthu maulendo pafupifupi 140, ndipo zimenezi n'zokwanira kuti munthu aone m'dontho limodzi la madzi a m'nyanja ya Malawi tizamoyo ta selo limodzi, makamaka ma diatom, amene zigoba zawo zowala ngati galasi zimandichititsa chidwi nthawi zonse. Ndimaiyamikira chifukwa ndi yotsika mtengo, siiwonongeka ikanyowa, komanso imalumikizika ku foni kuti mujambule zimene mwaona.

Komabe diso lili ndi polekezera. Tizamoyo tambiri timafanana maonekedwe koma timasiyana kwambiri mu DNA, moti asayansi a ulendo wa Tara Oceans, amene anatunga madzi m'nyanja zamchere kuyambira 2009 mpaka 2013, atafufuza DNA anayerekezera kuti kuli mitundu pafupifupi 150,000 ya tizamoyo toyandama m'madzi (plankton) pamene yodziwika kale inali pafupifupi 11,000 yokha. Foldscope singasiyanitse mitundu yotereyi, ndipo pamafunika kuleza mtima kuti chithunzi chioneke bwino. Ngakhale zili choncho, mphunzitsi wa sayansi kusukulu zopanda labotale angapindule nayo kwambiri.