Pivoti ya ku Douglas ndi mitsinje ya kwathu ku Mulanje

Amalume, ndi inu nonse a kalabu ya mthirira kumudzi, landirani moni wochokera kuno ku Joni. Ine ndili bwino, ntchito ikuyenda. Uthenga wanu ndaumva, woti ndikufunsireni mtengo wa makina othirira aja otchedwa pivoti munawaona pa WhatsApp akuyenda okha m'munda wa tirigu, kuti mwina tikaphatikiza za banki nkhonde ndi zimene tingasonkhe ife tili kunjafe, tingagule amodzi. Kufunsa mtengo si kovuta. Koma ndaganiza zoyamba ndalemba izi poyera, kuti anzathu ena a ku Mulanje ndi ku Thyolo amene ali ndi maganizo omwewa awerenge nawo. Makinawa ndiwo ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku, ndipo ndimawakonda. Komabe ndinene mosapsatira: pa minda yathu ya m'tsinde mwa phiri sangatithandize. Chimene ndikufuna chifike kwathu ndi kayezedwe kake ka madzi.

Famu imene ndikugwirako ili kufupi ndi tauni ya Douglas, m'chigawo cha Northern Cape, kumene mtsinje wa Vaal umathira mu Orange. Ndi dziko louma. Mvula ya chaka chonse siifika mamilimita 400, pamene kwathu kumbali ya minda ya tiyi imapitirira 1,500. Ukangotalikira mtsinje pang'ono upeza minga ndi miyala yokhayokha. M'mbali mwa mtsinjemo ndimo muli minda yobiriwira yozungulira: chimanga nyengo yotentha, tirigu nyengo yachisanu, kwina lucerne wa ziweto. Madzi ndi ogula, famu iliyonse ili ndi mlingo wake wa pachaka, ndipo magetsi opopera nawo ndi ndalama. N'chifukwa chake kuno munthu sathirira mongoyerekeza.

Pivoti ndi paipi yaitali yachitsulo, yokwezedwa mamita pafupifupi 3 kuti izidutsa pamwamba pa chimanga. Mutu wake umamangidwa pa konkire pakati pa munda, pamene pamatulukira madzi ochokera ku pampu ya kumtsinje. Paipiyo imakhala pa nsanja za matayala awiriawiri, nsanja iliyonse ndi mota yake, ndipo yonse imazungulira monga imadyera msipu mbuzi yomangirira pachikhomo. Anaiyambitsa ndi mlimi wa ku America, Frank Zybach, amene boma la kwawo linamupatsa umwini wa lusoli mu 1952. Kampani ya Valley inagula ufulu wopanga mu 1954, ndipo mpaka lero dzina limeneli likupezeka pa mapivoti ambiri kuno, limodzi ndi Zimmatic, Reinke ndi Agrico ya konkuno.

Yotsogolera ulendo ndi nsanja ya kumapeto. Zinazo zimangotsatira: ina ikatsalira pang'ono, kaswitchi kamayatsa mota yake, n'kusendera mpaka mzere uwongoke. Pa bokosi la pakati pali batani la maperesenti. Ukaika pa 100, nsanja ya kumapeto imayenda osapuma, ndipo pivoti yathu ya mamita 400 imamaliza kuzungulira m'maola pafupifupi 14, n'kusiya madzi okwana mamilimita 5 kapena 6 m'munda monse. Ukaika pa 50 imayenda masekondi 30, n'kuima masekondi 30, ndiye nthawi imawirikiza, madzinso amawirikiza. Kapitawo akamandituma sanena kuti kathirire kwambiri kapena pang'ono. Amatchula nambala ya mamilimita.

Apa ndiye ndikupempha mumvetsetse, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Milimita imodzi ya madzi ndi lita imodzi yothiridwa pamalo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Pa hekitala ndi malita 10,000. Pivoti ya mamita 400 imathirira mahekitala 50, amene ndi maekala pafupifupi 124. Chimanga chikamamasula, dzuwa la kuno lili pamutu, chimamwa mamilimita 8 kapena kuposa pa tsiku. Werengerani nokha: ndi malita 4 miliyoni tsiku lililonse, ndowa 200,000 za malita 20 zija. Pampu ikamagwira maola 20, ndiye kuti sekondi iliyonse pakufunika ndowa pafupifupi zitatu. Mukukumbukira mkangano umene unalipo pamene ankakoka paipi yotenga madzi a Likhubula kupita nawo ku Blantyre? Ntchito yonse ija inakonzedwa kuti izipereka malita pafupifupi 20 miliyoni pa tsiku. Mapivoti asanu okha ngati wathuyu akhoza kumwa madzi onsewo. Tsono taganizirani kamtsinje kathu mwezi wa Okutobala, amayi akuchita kukumba mchenga kuti apeze pochapira.

Chimene chimapangitsa pivoti kusamala madzi si kukula kwake, koma timilomo topoperato. Mapivoti akale ankakhala ndi masipirinkala pamwamba pa paipi, oponya madzi m'mwamba ndi pulesha yaikulu. Mphepo ikawomba, madzi ambiri ankauluka kapena kuuma asanafike pansi. A masiku ano ali ndi timapaipi tolendewera, nozulo (kamlomo kopoperako) ili kumunsi kufupi ndi mbewu, madontho ake akuluakulu, ndipo pamwamba pa nozulo iliyonse pali kachipangizo kosunga pulesha pa mlingo umodzi, kawirikawiri pakati pa 0.7 ndi 1 bar (bar ndi muyeso wa pulesha). Pulesha yochepa ndi magetsi ochepa. Akatswiri a ku Texas anafika potsitsa timapaipito mpaka pansi penipeni, kuti madzi azigwera mumzere mokha. Njira imeneyi amaitcha LEPA.

Manozulowo salingana kukula. Kufupi ndi mutu, paipi imayenda pang'onopang'ono pa kamalo kochepa, pamene kumapeto imathamanga pa bwalo lalikulu. Mundawo mutaugawa magawo 16, mamita 100 oyamba amathirira gawo limodzi lokha, mamita 100 omaliza amathirira magawo 7. Choncho bowo la nozulo limanka likula kulowera kumapeto, ndipo iliyonse ili ndi nambala, mtundu ndi malo ake pa pepala limene wopanga anawerengera. Wina akataya nozulo n'kuikapo ina imene wangoipeza m'thumba, simuzindikira lero. Mudzaona patapita masabata: mkombero wa mbewu zachikasu kapena zofupika utazungulira munda wonse.

Pofuna kudziwa ngati zonse zili bwino, timadzuka mbandakucha mphepo isanayambe, n'kundandalika zitini zofanana mumzere umodzi, kuchokera kufupi ndi mutu mpaka kumapeto. Pivoti imadutsa pamwamba pake. Kenako timayenda mumzeremo, nsapato zitalemera ndi matope, mmodzi akuthira madzi a chitini chilichonse mu botolo la manambala, wina akulemba. Chitini chimodzi chikapezeka ndi theka la zinzake, timayang'ana kumwamba pamalo omwewo, n'kumasula nozulo. Nthawi zambiri mumapezeka kamwala, ndere, kapena kachigoba ka nkhono ya mumtsinje kosafika ngakhale chikhadabo cha mwana. Kanthu kakang'ono choncho kumapeto kwa paipi kakhoza kumanitsa madzi malo oposa munda wa banja lathu lonse. Timatsuka ndi madzi kapena kupemerera ndi pakamwa. Waya sitilowetsamo, chifukwa umakulitsa bowo.

Tsono tibwerere kumudzi. Maekala 124 osadukiza tingawapeze kuti? Ambiri a ife tili ndi eka imodzi kapena kuchepera, ndipo malowo ndi a mbumba, a amayi ndi achemwali athu. Pafunika mabanja oposa 100 avomere kufafaniza malire. M'bwalomo simuyenera kukhala nyumba, mtengo wa mango, mapeyala, tsinde la nthochi lalitali, ngakhale mzati wa magetsi. Manda muwatani? Ndiponso bwalo silifika m'makona: pa munda wa mbali zinayi zofanana, gawo limodzi mwa magawo asanu limatsala louma, ndipo makonawo ndi minda ya anthu. Alipo mapivoti aang'ono, inde, koma pamene ikufupika m'pamene mtengo wake pa eka iliyonse ukukwera, poti mutu, bokosi ndi pampu muyenera kugula ndithu.

Nthaka nayonso. Kumapeto kwa pivoti madzi amagwa ambiri pa kanthawi kochepa. Mchenga wa kuno umameza msanga. Katondo wathu wa pamtsetse sangameze liwiro limenelo. Madzi angayambe kuyenda pamwamba, kutsata njira ya matayala, n'kutikumbira zigwembe zina pamwamba pa zimene anatisiyira namondwe Freddy mu Malichi 2023. Ngakhale kuno kwathyathyathya matayala amatitimira. Zimachitika usiku wa mu Julaye, udzu utayera ndi chisanu: nsanja imodzi yakanirira m'matope, mzere wapindika, makina azima okha. Timapita ndi tochi ndi mafosholo, kukumba m'madzi ozizira mpaka zala osazimvanso, kuponyamo miyala kuti tayala ligwire. Za magetsi musachite kufunsa. Pamafunika a three-phase ndi thiransifoma pafupi. Mu 2023, pamene magetsi ankazimazima kwambiri m'dziko lino, ndinaona chimanga chikupota masamba masana mtsinje uli wodzaza pafupi pomwepo. Giyabokosi ikafa, kuno ina imabwera kuchokera m'tauni tsiku lomwelo. Kwathu mungaidikire mpaka mbewu itapserera.

Pali china chimene chimandiwawa mtima ndikachiganiza. Munda wa mahekitala 50 umathiriridwa ndi munthu mmodzi, mwinanso mwini famu amangoyatsa ndi foni ali pakhonde. Makinawa anapangidwira dziko la malo ambiri ndi anthu ochepa. Kwathu malo ndi ochepa, manja ndi ambiri. Anyamata amene mumandiimbira kuti ndikupezereni malo pafamu pano, chifukwa chake ndi chimenechi ndimakuyankhani mozengereza: minda mukuiona pa zithunzi ija ndi yaikulu, koma ogwiramo ntchito yokhazikika ndi owerengeka.

Sindikunena kuti pivoti siingagwire ntchito ku Malawi. Ku Nchalo ilipo m'minda ya nzimbe ya Illovo. Ku Chikwawa komweko alimi a Phata anapanga kopaletivi mu 2011, anaphatikiza minda yawo, akuthirira nzimbe ndi mapivoti ndipo amagawana phindu. Koma onani zimene ali nazo: chigwa chathyathyathya, mtsinje wa Shire umene suphwa, ndi fakitale yogula nzimbe zawo pafupi. Amene akufuna kuona ndi maso, ulendo wa ku Chikwawa si wautali. Kalabu itume anthu awiri, mmodzi akhale mayi, akafunse makamaka mmene anagwirizanirana za malo.

Ife tili ndi chinthu chimene mwini famu wa kuno amachilipira mwezi ndi mwezi: pulesha. Madzi akatsika mamita 10 mu paipi amakhala ndi pulesha ya pafupifupi 1 bar, yomwe ija imayendetsa manozulo a pivoti. Phiri limatipatsa zimenezi popanda pampu kapena dizilo. Si zachilendo kwathu. Mipopi ya m'midzi yoyenda yokha kuchokera m'phiri inayamba kalekale, cha m'ma 1970, ndipo ku Bondo madzi a Lichenya akupanga magetsi. Mutatenga madzi pamalo okwera mamita 20 kapena 30 kuposa dimba, n'kuika sefa pamwamba, thanki yosungira madzi a usiku, ndi paipi yokulirapo (yopyapyala imadya pulesha m'njira), mukhoza kuyendetsa masipirinkala ang'onoang'ono osunthika kapena mizere ya dripi. Malire a minda akhala pomwe ali, mango sadulidwa, ndipo chikawonongeka mukachipeza ku Chitakale, ku Luchenza kapena ku Limbe.

Kuyeza mukhoza kuyamba mawa, ndi zimene muli nazo. Bedi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita 10 m'litali likafuna mamilimita 5, amenewo ndi malita 50, makeni asanu a malita 10. Amene muli ndi sipirinkala kale, ikani zitini zowongoka m'mbali pamalo angapo, yatsani kwa ola limodzi, muyeze ndi rula ya mwana wasukulu kuti madzi afika pati. Muona nokha kuti mbali ina ikumira pamene ina ili ndi ludzu. Tsiku lotsatira kumbani ndi khasu pambali pa phando, mufinye dothi la kumizu m'dzanja. Thirirani m'mawa kapena madzulo mphepo itagona, ndipo phimbirani nthaka ndi mapesi. Chilala cha 2024 chinationetsa kuti ngakhale ife a m'tsinde mwa phiri madzi akhoza kutichepera.

Chimene ndikukupemphani, amalume, ndi ichi. Kumapeto kwa Okutobala, mvula isanagwe, pitani ndi anyamata pamalo amene mukufuna kutengapo madzi. Tchingani pang'ono kuti onse adutse pa kapaipi kamodzi, tcherani ndowa ya malita 20, wina agwire foni awerenge masekondi. Bwerezani kangapo, masiku osiyana. Ndowa ikamadzaza m'masekondi 10, ndiye malita 2 pa sekondi, okwana 172,800 pa tsiku. Mukamathirira mamilimita 6 pa tsiku, amenewo sakwana mahekitala 3, ndipo apo ndiye kuti mwatenga mtsinje wonse, chinthu chimene sitingachite poti kumunsi kuli anthu ndi ziweto. Mukambirane ndi amfumu ndi midzi ya kumunsiko tisanagule paipi ngakhale imodzi, mufunsenso alangizi a mthirira ku boma za chilolezo chotengera madzi mumtsinje. Nambala ya masekondiyo munditumizire, pamodzi ndi kutalika kwa mtunda kuchokera potengera madzi kufika ku dimba loyamba, kuti ndiwerengere kukula kwa paipi ndi kuchuluka kwa masipirinkala ndisanabwere pa Khirisimasi.