Broadway, msewu womwe unapereka dzina ku zisudzo

Abale anga kumudziko, ambiri mukamva kuti ndimagwira ntchito pafupi ndi Broadway mumaganiza kuti ndi holo imodzi yaikulu. Ayi ndithu, Broadway ndi msewu, ndipo ndi wakale kuposa mzinda wa New York. Poyamba inali njira ya eni nthaka a pachilumba cha Manhattan. Adatchi atafika anaikuza, ndipo Angelezi atalanda mzindawu mu 1664 msewuwo unayamba kutchedwa Broadway, kutanthauza njira yotakata.

Nyumba za zisudzo zinayambira kumunsi kwa mzinda, n'kumasendera pang'onopang'ono kumtunda motsata msewuwo mpaka kudzafika pa bwalo lotchuka la Times Square. Umu ndi momwe dzina la msewu linasandukira dzina la zisudzo zikuluzikulu zopangira ndalama. Lero nyumba zotchedwa za Broadway zilipo 41, koma zoyang'ana mumsewu weniweniwo ndi zochepa chabe. Zina zonse zili m'misewu yoyandikana nawo. Chimene amawerenga ndi mipando: ikafika 500 nyumbayo ingalowe m'gulu la Broadway, ya mipando 100 mpaka 499 amati Off-Broadway.

Ine ndili kukhitchini ya malo ena odyera kufupi ndi kumeneko, ndipo ntchito yathu imayendera zisudzozi. Sewero limodzi limaonetsedwa kasanu ndi katatu pa sabata. Lachitatu ndi Loweruka masana sitipuma, aliyense amafuna adye msanga asanachedwe. Atatseka nyumba zonsezi pa 12 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, tinavutika limodzi ndi azisudzowo.

Chomwe chimandikhudza kwambiri n'chakuti kuno kuchita sewero ndi ntchito yolemekezeka. Azisudzo ali ndi bungwe lawo, Actors' Equity, lomwe linayamba mu 1913, ndipo amalipidwa sabata ndi sabata. Ndikaona izi ndimakumbukira anyamata ndi atsikana aluso kwathuko amene amasewera holo itadzaza koma n'kubwerera kunyumba ndi ya minibasi yokha, ndipo mtima umandiwawa.

Matikiti ndi okwera, nthawi zambiri amapitirira madola 100. Koma pa Times Square pomwepo, pansi pa masitepe ofiira, pali malo otchedwa TKTS, omwe kuyambira 1973 amagulitsa matikiti a tsiku lomwelo motsitsa, mwina mpaka theka. Amene mudzapeze mwayi wofika kuno, ndidzakuperekezani kumeneko, bola lisadzakhale Lolemba, chifukwa nyumba zambiri zimakhala zotseka.