Ndemanga: Moodle pa zolemba za sabata ndi sabata za ophunzira uphunzitsi

Ndemangayi ikukhudza gawo limodzi la Moodle, pulogalamu yophunzitsira pa intaneti. Gawoli ndi lotchedwa Assignment, pomwe ophunzira amaperekera ntchito, ndipo tikuliona monga momwe likugwirira ntchito pa koleji ina yaing'ono kuno ku Mzuzu. Ophunzira akapita ku teaching practice m'sukulu za ku Rumphi, Nkhata Bay, Mzimba mpaka ku Chitipa, amayenera kulemba sabata iliyonse zomwe akumana nazo m'kalasi: phunziro lomwe layenda bwino, lomwe lakanika, ndi chifukwa chake. Pa nyenyezi 5 tikuipatsa 4. Pulogalamuyi ndi yolimba, koma ikangosiyidwa momwe yabwerera imalanga ophunzira akumudzi pa mlandu wa netiweki, womwe si wawo.

Moodle anailemba Martin Dougiamas wa ku Australia ndipo inatuluka mu 2002. Kuitsitsa ndi kwaulere. Ndalama zimapita ku seva (kompyuta yomwe Moodle imakhalamo) ndi kwa munthu woisamalira, ndipo koleji yomwe ilibe munthu ameneyo isayembekezere kuti zinthu ziziyenda zokha.

Pokonza Assignment pali njira ziwiri zoperekera ntchito, Online text (kulemba mawu mu Moodle momwemo) ndi File submissions (kutumiza fayilo). Pa zolemba za sabata sankhani Online text, ndipo muike malire a mawu, mwina 500. Mawu 500 sakwana ngakhale 10 KB, amadutsa ngakhale foni ikuonetsa kamzere kamodzi ka netiweki. Mukatsegula File submissions, ophunzira ambiri amalemba m'kope n'kujambula tsambalo pa foni. Chithunzi chimodzi chimatha kufika 3 MB kapena kupitirira, pamene PHP, pulogalamu ya pa seva yomwe Moodle imayendera, imabwera ndi malire a 2 MB pa fayilo imodzi (upload_max_filesize) ndi 8 MB pa zonse zotumizidwa nthawi imodzi (post_max_size). Wophunzira amadikira, bandulo ikutha, kenako n'kuuzidwa kuti fayilo yakula. Ngati zithunzi za lesson plan zikufunikadi, woyang'anira seva akweze manambala awiriwo mu fayilo ya php.ini kaye, chifukwa malire omwe mphunzitsi amaika mu kosi sangapose a seva.

Chomwe chimasowetsa mtendere kwambiri ndi masiku. Moodle ili ndi Due date ndi Cut-off date, ndipo aphunzitsi ambiri amaika tsiku limodzi ponseponse poganiza kuti ndi chinthu chimodzi. Due date ikadutsa ntchito imalandiridwabe, imangolembedwa kuti yachedwa. Cut-off date ikadutsa, batani loperekera limachoka. Tsono Moodle app ya pa foni imalola munthu kulemba popanda intaneti, ndipo apa ndi pomwe pulogalamuyi imatisangalatsa: wophunzira wa ku sukulu ya kuseri kwa phiri amalemba Lachinayi usiku, n'kusunga m'foni. Koma nthawi yomwe seva imawerengera ndi yomwe ntchitoyo yafika, osati yomwe analemba. Akapeza netiweki Loweruka atatsikira pa trading centre, Cut-off date ya Lachisanu itadutsa, seva imakana. Iye amalumbira kuti analemba pa nthawi yake, ndipo sakunama. Ikani Due date Lachisanu, Cut-off date Lachiwiri lotsatira, kapena musaiike n'komwe. Kwa mmodzi yemwe wadwala kapena ali pa maliro pali Grant extension, yomuwonjezera masiku iye yekha, pa tsamba la onse opereka ntchito, palibe chifukwa chosunthira tsiku la kalasi yonse.

Pa app yomweyi pali misampha itatu yomwe ophunzira ayenera kuuzidwa asananyamuke ku koleji. Atsegule kosi ndi Assignment iliyonse kamodzi ali pa netiweki, kapena atsitse kosi yonse, chifukwa app siingaonetse chinthu chomwe sinachionepo. Ayang'ane mu Synchronisation ngati sanasankhe zotumiza pa Wi-Fi pokha, popeza kumudziko Wi-Fi kulibe ndipo ntchito imangokhala m'foni iye akuyesa kuti yapita. Ndipo asafufute app kapena kupukuta data yake pofuna malo a zithunzi pamene pali ntchito yosatumizidwa. Ikapita pamenepo yapita. Chinanso, wina amayamba kulemba pa foni popanda netiweki, kenako n'kukasintha ntchito yomweyo pa kompyuta ya mnzake. Foni ikalumikizana, app imapeza kuti za pa seva zasintha ndipo imataya za m'foni. Ntchito imodzi ilembedwe pa chipangizo chimodzi.

Pali kabokosi kena kolembedwa Require students to click the submit button. Mukaika Yes, wophunzira yemwe wangodina Save changes ntchito yake imakhala Draft, kutanthauza kuti sinaperekedwe, ndipo ambiri saona kuti kwatsala batani lachiwiri. Pa zolemba za sabata ikani No. Choipa chake n'chakuti munthu angathe kusintha mawu inu mutawerenga kale, koma mukamaliza kuchonga mutha kutseka ntchitoyo ndi Prevent submission changes.

Nthawi ya seva nayo ionedwe. Malawi ali maola 2 patsogolo pa UTC, nthawi yomwe maiko onse amayerekezera mawotchi awo, choncho Default timezone ikhale Africa/Blantyre, apo ayi mphunzitsi ndi wophunzira amakangana pa ola lotsekera aliyense akuloza zomwe akuona. Cron, yomwe imayendetsa ntchito zomwe Moodle imachita yokha pa seva, iziyenda mphindi iliyonse monga amalangizira eni pulogalamu. Ikaima, mauthenga odziwitsa wophunzira kuti mwamuyankha satuluka.

Nyenyezi yomwe tachotsa ndi ya pa kuwerenga. Cholinga cha zolembazi ndi kuona munthu akukula: sabata yoyamba amadandaula kuti ana 90 a Sitandade 4 samumvera, sabata yachisanu ndi chitatu akufotokoza momwe anawagawira m'magulu kuti mabuku ochepa akwanire. Assignment sinapangidwire ulendo wotere. Masabata 12 ndi ma Assignment 12, ndipo kuti muwerenge za munthu mmodzi kuyambira pachiyambi muyenera kutsegula chimodzichimodzi, tsamba lililonse likuchedwa. Mutha kukonza Assignment imodzi n'kumaitsegulanso pamanja sabata iliyonse, zakale zimaoneka pansi ngati Previous attempts, koma malikisi omwe amapita mu gradebook ndi a ulendo womaliza wokha. Ife tikuona kuti kugawa pa sabata n'kwabwino, ndipo woyendera wophunzirayo azisunga pambali mfundo ziwiri kapena zitatu za munthu aliyense.

Ophunzira saona zolemba za anzawo. Ena amati kumeneku n'kuperewera, ife tikuti n'kofunika. Munthu wa pa teaching practice ndi mlendo pa sukulu ya eni, amagona m'nyumba yomwe a hedi amupezera, ndipo sangalembe zoona za mphunzitsi yemwe amamusiyira kalasi tsiku lonse ngati akudziwa kuti gulu lonse liwerenga. Ngakhale zili choncho, auzeni asatchule mayina a ana.

Pochonga, Moodle imaganizira munthu yemwe magetsi amuzimira. Download all submissions imaika ntchito zonse mu fayilo imodzi ya zip, ndipo mukatsegula Offline grading worksheet mu Feedback types mumatsitsa fayilo ya CSV yolembamo malikisi ndi ndemanga pa laputopu popanda intaneti, n'kuikweza netiweki ikabwera. Musasinthe danga la Identifier kapena mitu ya madanga, apo ayi Moodle siidziwa kuti malikisiwo ndi a yani, ndipo posunga musiye fayiloyo ili CSV, musaisandutse ya Excel. Fayiloyi imanyamula nambala imodzi ndi ndemanga imodzi pa munthu, ilibe madanga a rubric, ndondomeko yogawa malikisi m'zigawo. Ngati dipatimenti yanu ikufuna rubric yogawa malikisi pa kufotokoza, kulingalira ndi zoti asinthe, kuchonga kudzafuna intaneti nthawi yonse, ndiye gwirizanani za zimenezi teremu isanayambe. Kusintha rubric ena atachongedwa kale kumapangitsa kuti ntchito zawo zifunike kuchongedwanso.